Ng'ombe Imene Sinaphedwe pa Ukwati wa Esinati

Ana anga, nkhani ya ukwati wa Esinati mwaimva kwa anthu ambiri, ndipo aliyense amaikometsera kumene akufuna. Ena amati atate anu anali ouma mutu, ena amati anali ndi kaduka ndi atsibweni anu a Lameki. Mpaka lero kwawo kwa amayi anu alipo amene amautchula kuti ukwati wa mbuzi, ndipo amaseka ngati ine ndinafa kale. Ndaona kuti ndilembe ndekha dzanja lisanayambe kunjenjemera. Ndinakana ng'ombe ya atsibweni anu ndikudziwa bwino kuti kukanako kukhoza kupasula ukwati wa mwana wanga usanamangidwe. Kuti mumvetse chifukwa chake, yambani mwadziwa ntchito imene ndinagwira.

Zingalume, zaka za m'ma 1980

Nditamaliza maphunziro a zaziweto, boma linanditumiza ku Zingalume. Kalata yonditumiza ikadali mu sutikesi yachitsulo ija imene mumandiseka nayo, pamodzi ndi mapepala ena onse a ntchito yanga, ndipo ndikadzafa musadzakolezere moto. Anandipatsa njinga, chopimira kutentha kwa thupi, ndi jakisoni wachitsulo amene tinkachita kuwiritsa mumphika tisanabaye chiweto china. Anthu ankanditchula kuti a vetenale, dzina langa la Mbewe ankalikumbukira a kutchalitchi okha.

Bwana wanga woyamba anali a Mwale, munthu wamfupi, wosaseka kawirikawiri, amene ankafika pa kampu, malo athu ogwirira ntchito, osachenjeza. Lamulo lawo linali lakuti singano isalowe m'thupi la ng'ombe chopimira chisanalowe. Masiku amenewo mankhwala opha tizirombo ankasungidwa ndi ife tokha. Analipo amodzi achikasu, a m'botolo loderako, amene alimi ankangowatchula kuti wachikasu. Ng'ombe yodwala ndulu, yogona pansi maso ali mbee, ukaibaya mlingo wokwanira, mkuja wake umaipeza ikudya msipu. Eni ake ankandiyang'ana ngati ndaukitsa wakufa. Tsiku lina ndinauza a Mwale monyadira kuti mankhwala amenewa salephera. Iwo anati: "Mbewe, mlingo wathunthu umapha tizirombo. Theka la mlingo ndi sukulu yawo. Totsalato timatuluka titaphunzira, ndipo timaphunzitsa ana awo." Anandilozeranso timalemba tating'ono ta pabotolo tonena kuti nyama ya ng'ombe yobayidwa isadyedwe mpaka patapita masabata angapo, ndipo anandiuza kuti amene sawerenga timalembato asiye ntchito akagulitse fodya.

M'zaka zomwezo ndinakwatira amayi anu, a Nabanda, a ku Zemba. Achimwene awo a Lameki ndiwo anandilandira ndi nkhuku, ndipo tinkagwirizana kwambiri.

Pembamoyo, zaka za m'ma 1990

Atandisamutsira ku Pembamoyo zinthu zinali zitayamba kuthina. Mankhwala a kudibi anasiya kubwera, dibi linauma, mbuzi zinkagonamo. Nkhupakupa zinachuluka mpaka makutu a ng'ombe ankaoneka ngati athiridwa mapira. Ku ofesi anatiuza kuti mlimi azidzigulira yekha mankhwala. Posakhalitsa wachikasu uja anayamba kupezeka pamsika, pa thebulo limodzi ndi sopo ndi machubu a njinga, ali padzuwa tsiku lonse, wogulitsa wake wosadziwa n'komwe kuti ng'ombe ili ndi mimba zingati.

Apa m'pamene panabadwa chizolowezi chimene chinandidyetsa mutu zaka zambiri. Mvula yoyamba ikangogunda, alimi a mudzi umodzi ankasonkherana botolo limodzi, n'kusonkhanitsa ng'ombe zonse zolimira pansi pa mtengo, zodwala ndi zamoyo zomwe, iliyonse n'kuilasa pang'ono ndi singano imodzi. Ankati ndi jakisoni wa mphamvu, kuti zikakoke pulawo mosatopa. Ndinkafika pa njinga thukuta lili kamukamu, n'kuwauza kuti mankhwalawa si chakudya, ng'ombe yofooka imafuna msipu ndi madeya. Ankandimvera mwaulemu, kundipatsa mpando ndi mtedza, ndikangotembenuka n'kupitiriza.

Bwana wa nthawi imeneyo anali a Zulu, munthu wansangala amene sankakonda mikangano. Pa msonkhano wina ku boma ndinaimirira n'kupempha kuti tiletse kugulitsa mankhwalawa pamsika. A Zulu anayankha kuti m'mafamu akuluakulu a m'mbali mwa njanji ya sitima ena amasakaniza mankhwala otere m'chakudya cha ng'ombe kuti zinenepe msanga, nanga bwanji tizivutitsa mlimi wa ng'ombe ziwiri. Anawonjeza kuti ife tilibe mafuta a njinga yamoto oti tifike kwa mlimi aliyense, ndiye tikamulanda botolo, ng'ombe yake ikadwala ifa akutidikira. Sindinganame, m'mawu awo munali choona. Ng'ombe yodwala iyenera kulandira mankhwala, ndipo ine sindinamanepo chiweto chodwala. Koma ndinawauza kuti ngati a m'mafamu akulakwa, kulakwa kwawo sikusandutsa kwathu kukhala kolondola. Anzanga anaseka, wina anati Mbewe akanakhala m'busa. Ndinalemba malipoti chaka ndi chaka, makope ake ndili nawo, ndipo yankho silinabwerepo ngakhale limodzi.

Zimene a Mwale ananena ndinaziona ndi maso. Mathole otsekula m'mimba amene kale ankachira ndi jakisoni mmodzi anayamba kufa ngakhale nditawabaya mlingo wonse. Zilonda za pakhosi zobwera ndi joko lokokera pulawo zinkangotuluka mafinya. Pafupi ndi nyumba yanga panali kiliniki, ndipo a nesi a pamenepo ankandidandaulira kuti nawonso makapisozi amene kale ankathandiza anayamba kuwagwiritsa mwala. Ine sindine dokotala wa anthu, ndipo sindingalumbire kuti ng'ombe ndizo zinabweretsa vuto la kukiliniki, pakuti anthu nawonso ankamwa makapisozi ngati mtedza, ena n'kumawatsegulira nkhuku. Koma ndowe za m'khola timathira m'dimba, ana amaponda m'khola opanda nsapato, ndipo padambo ng'ombe imamwa kumtunda mayi akutunga kumunsi. Tizirombo tophunzira tija sitifunsa kuti uyu ndi munthu kapena ng'ombe. Masiku ano ndimamva pa wailesi akuluakulu akukangana za nkhaniyi ngati aitulukira dzulo, ndipo ndimatseka wailesiyo kuti ndisatukwane pamaso pa zidzukulu.

Zemba, zaka za m'ma 2000

Malo anga omaliza anali Zemba, kufupi ndi mudzi wa amayi anu. Nyumba ya pa kampu inali itagwa denga, choncho tinamanga kumudziko, ine n'kusanduka mkamwini nditamera kale imvi. A Lameki anali atalemera. Khola lawo linali lalikulu kuposa onse m'dera lathu, ankagulitsa ng'ombe kwa a mabutchala, anali mkulu wa mpingo, ndipo anali ndi jakisoni wawowawo amene ankamusunga m'thumba la jekete ngati cholembera. Anali munthu wopatsa, zimenezo musadzaiwale. Ena mwa inu munaphunzira ndi thandizo lawo.

Kumeneko ndinapeza chizolowezi china choposa cha ku Pembamoyo. Ng'ombe ikati iphedwe pa ukwati kapena pa chiliza, ankaibaya wachikasu kutatsala masiku ochepa. Ankati akutsuka nyama, kuti matenda onse afere m'kati, alendo asakatsekule m'mimba. Ankachita zimenezi ndi mtima wabwino, ngati mmene mayi amatsukira mbale mlendo asanadye. Ndinalimbana nazo mudzi ndi mudzi. Ng'ombe yophera anthu ambiri inkayenera kuonedwa ndi ine isanaphedwe, ndipo ndikapeza kuti yabayidwa kumene ndinkakana chilolezo. Ndinakanira mafumu, ndinakanira aphunzitsi, ndinakanira amasiye amene ankalira pamaso panga. Pang'onopang'ono anthu anayamba kumva, ena chifukwa chomvetsa, ambiri chifukwa chotopa nane.

Ndiye Esinati anapeza mwamuna, Domingo, mnyamata waulemu amene makolo ake anabwera kuno kuthawa nkhondo ya ku Mozambiki atanyamula mphasa ndi ana okha. Ng'ombe analibe. Mwa mwambo wathu mwini mbumba ndi mtsibweni, ndipo a Lameki ndiwo anali nkhoswe ya Esinati. Popanda nkhoswe abusa samanga ukwati. A Lameki analengeza pamaso pa abale onse kuti apereka mfule wawo wamkulu, Kaputeni, kuti a kuchimuna aone kuti mwana wawo walowa m'banja la anthu. Ndinawathokoza ndi mtima wonse.

Sabata la ukwati

Lachitatu m'mawa ndinapita kukhola kwa a Lameki kukaona Kaputeni, monga ndinkachitira ndi ng'ombe ya wina aliyense. Inali ng'ombe yokongola, yofiira, ya linunda lalikulu. Nditayendetsa dzanja pa thako lake ndinapeza chotupa cholimba, ndipo ubweya wa pamenepo unali ndi banga lachikasu. Sindinafunikire kufufuza. A Lameki anandiuza okha, akumwetulira, kuti anaibaya Lolemba, ndipo sanaumire, anaipatsa kawiri mlingo wake, wachikasu wa mtundu wokhalitsa m'thupi, chifukwa pa ukwati wa mwana wa mlongo wawo sipayenera kudwala munthu.

Ndinawauza modekha kuti ng'ombeyi singadyedwe Loweruka, iyenera kudikira pafupifupi mwezi. Poyamba anayesa nthabwala. Ataona kuti sindikuseka anati nyamayo idzaphikidwa mpaka kulekana ndi mafupa, ndipo moto umatha zonse. Ndinayankha kuti moto umapha tizirombo koma sutha mankhwala onse. Ndinapempha kuti tisankhe ng'ombe ina m'kholamo. Apa anayang'ana kumbali, n'kunena kuti botolo litatsegulidwa anaona kuti n'kulakwa kulisiya, ndiye anagawira khola lonse. Ndinapempha kuti ukwati usunthidwe. Anati mayina alengezedwa kale kutchalitchi, chimera cha thobwa chaperedwa, ndipo abale a Domingo a kutsidya kwa malire ali kale m'njira.

"Alamu," anatero, "mwakanira anthu ambiri, ndipo ine ndinkakuikirani kumbuyo. Koma uyu ndi mwana wanu."

"N'chifukwa chake sindingalole," ndinayankha. "Ndikalola pa mwana wanga, amasiye onse amene ndinawakanira ndikawauza chiyani?"

"Mukudziwa kuti palibe amene adzafe nayo nyama imeneyi."

Ndinavomera kuti mwina palibe amene angadwale tsiku limenelo. Ndinawauza kuti vuto la mankhwalawa silioneka tsiku la phwando, limaoneka chaka china mwana akadwala chibayo, jakisoni wa kukiliniki n'kukhala ngati madzi. Ndinawauzanso kuti dera lonse lidzakhala pa ukwatiwo, ndipo aliyense akudziwa kuti a Lameki amatsuka nyama. A vetenale akadzangodya nthuli imodzi, ntchito ya zaka zonse idzathera m'mbale imeneyo.

Nkhope yawo inasintha. Anandikumbutsa kuti pamudzipo ndine mkamwini, tonde wobwereka, amene ntchito yake inatha ana atabadwa. Anati ng'ombe ndi yawo, mbumba ndi yawo, ndipo adzaipha ndi chilolezo kapena popanda chilolezo. Ndinawayankha kuti mpeni ndi wawo, sindingawagwire dzanja, koma ikaphedwa ndidzaimirira pakati pa anthu chakudya chisanagawidwe n'kunena zimene zili m'nyamayo. Ankandidziwa, anadziwa kuti ndidzachitadi. Anatseka chipata cha khola pang'onopang'ono, n'kunena kuti ngati mphatso yawo ndi yonyansa, ndiye kuti iwonso ndi onyansa, tipeze nkhoswe ina.

Nkhoswe ina kunalibe. Mng'ono wawo anali atamwalira, ndipo palibe wachibale amene akanayerekeza kukhala pa mpando wa a Lameki iwo ali moyo.

Kunyumba amayi anu anamva nkhaniyo akusenda mtedza. Sanakweze mawu. Anangondifunsa ngati pa ng'ombe zonse za m'boma la Chadiza ndinayenera kuyendetsa dzanja pa imeneyi. Esinati analira. Kenaka anabwera kudzagwada pafupi ndi mpando wanga, nati: "Atate, tsiku limodzi lokha simungakhale atate anga osakhala a vetenale?" Ndinamuuza kuti ndikanadziwa kuwalekanitsa anthu awiriwo ndikanachita. Sanandilankhulenso mpaka Loweruka.

Lachinayi ndinapalasa njinga kupita kwa atate a Domingo, a Zuze, kukawauza ndekha asanamve kwa ena. Ndinkayembekeza kuti akhumudwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundiuza kuti iwo ukwati wa mlongo wawo anaudyera m'tchire ndi mkhwani wopanda mchere, asilikali ali kutsidya la mtsinje, ndipo banjalo lilipo mpaka lero. Anati nyama si vuto, atulutsa mbuzi zawo. Chimene chinawadetsa nkhawa chinali nkhoswe, pakuti iwo monga anthu obwera sankafuna kuti mwana wawo atenge mkazi mwini mbumba atatembenuka msana. Ananena mosabisa kuti a Lameki akapanda kubwera, iwonso sadzalola Domingo kumanga ukwatiwo. Ndinabwerera ndi mbuzi zolonjezedwa ndi mtima wolemera kuposa popita. Ndinawonjezapo mbuzi zanga ndi nkhumba imene ndinkasungira Khirisimasi.

Lachisanu amayi anu anavala chitenje chatsopano n'kupita kwa achimwene awo okha. Anakhalako kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Zimene anakambirana sanandiuzepo mpaka lero, ndipo mukafuna kudziwa kawafunseni, mwina inu adzakuuzani. Atabwera ndinawafunsa kuti ayankha chiyani. Anati ayankha kuti amva. Ndinafunsa ngati abwera. Anati mukadafuna kudziwa za mawa mukadakhala mneneri, osati wa ng'ombe.

Anthu ena amati usiku umenewo ndinatsala pang'ono kugonja. Si zoona. Ndinamva chisoni, koma maganizo anga sanagwedezeke. Ndikanalemba chilolezo chija, chikanakhala pepala lokhalo m'sutikesi yanga limene sindikanafuna kuti inu mudzaliwerenge.

Loweruka tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo, ndipo ambiri sanabwerere ukwati, anabwera kudzaona mmene zithere. Mpando wa nkhoswe ya kuchikazi, kutsogolo kudzanja lamanzere, unali wopanda munthu. Kwaya inaimba nyimbo yoyamba, inaimba yachiwiri, abusa anaipempha kuti iwonjezere yachitatu. Esinati anali ataima ndi Domingo, ndipo ndinkaona khosi lake likutembenukira kukhomo nthawi ndi nthawi. A Zuze anali atagwira chipewa chawo pa bondo ngati munthu wokonzeka kunyamuka. Potsiriza abusa sakanachitira mwina. Anapempha nkhoswe ya kuchimuna kuti iimirire, inaimirira. Anapempha ya kuchikazi. M'tchalitchi munangoti zii, kumveka mwana woyamwa yekha.

Kenaka benchi linalira kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, pamene pamakhala ochedwa ndi odulidwa mumpingo. A Lameki anali atakhala pamenepo nthawi yonseyo, mkulu wa mpingo wathunthu, atabisika kuseri kwa achinyamata. Anayenda pakati pa anthu osafulumira, atavala jekete yawo yakuda, anadutsa pamene ndinakhala osandiyang'ana, n'kukaima kumbuyo kwa Esinati. Abusa atafunsa ngati akumupereka mwanayu ndi mtima umodzi, anayankha mokweza kuti mwana wa mlongo wawo alibe mlandu ndi munthu. Esinati anaphimba nkhope ndi maluwa, mapewa ake akugwedezeka. A Zuze anaika chipewa pansi.

Kumadyerero anthu anadya mbuzi ndi nkhumba, ena akung'ung'udza kuti anasiya ntchito zawo chifukwa cha Kaputeni. A Lameki analangiza ana bwino lomwe, anavina pang'ono ndi mlongo wawo, koma mbale imene anawaikira sanaikhudze. Pochoka anandipeza ndili pafupi ndi njinga yawo.

"A vetenale," anatero, "mbuzi zija munazipima?"

"Ndinazipima, alamu."

"Nkhumba?"

"Nayonso."

"Ndiye anthu anu adya bwino." Anakwera njinga.

Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso alamu. Tinkapatsana moni, tinkakhala benchi limodzi la akulu a mpingo, ana awo ankabwera kwathu ndipo inu munkapita kwawo, koma kwa iwo ndinakhala a vetenale mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Kukhola kwawo sanandiitanenso. Zinandipweteka, chifukwa ndinkawakonda munthu uja, ndipo pamudzi pa eni ake anali bwenzi langa loyamba.

Esinati, iwe ukawerenga izi udziwe kuti sindikupepesa, pakuti Lachitatu lija likanabweranso ndikanayankha chimodzimodzi. Koma pamene unkatembenukira kukhomo m'tchalitchi muja, usaganize kuti unkayang'ana wekha. Inenso maso anga anali komweko.